Feira kapena msasa wa asodzi ku Mambwe: holide ya July mukaidyera kuti?

Imwe a ku Kanyama, a ku Chawama, a ku Mtendere na ku Matero, tiyeni tikambe za July. Mudziwa kale kuti Lolemba loyamba la mweziwo ni Heroes, Lachiwiri lake ni Unity. Mukaphatikiza Loweruka na Sondo, masiku akwana anayi, ndipo bwana sangakuitaneni ku ntchito. Chaka chilichonse nkhani imakhala imodzimodzi. Wina atsegula gulu pa WhatsApp ati tiyende ku Siavonga, anthu 20 avomera, tsiku la zopereka likafika otsala ni atatu, mathero ake nonse mukumana pa bala ya m'komboni kuonera mpira wobwereza.

Chaka chino ndabwera ndi nkhani ina. Ntchito yanga ni yoyenda m'mashoo ndi m'makalabu, koma nthawi ya kupuma ndimathawa mu Lusaka kuti makutu apumeko ku masipika. Malo awiri amene ndinafikako pa maulendo osiyana ali pa mtsinje umodzi, Luangwa. Oyamba ni Feira, tauni yakale ya Apwitikizi pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Achiwiri ni msasa wa asodzi m'boma la Mambwe, kumwera kwa Mfuwe, kumene foni imasanduka tochi chabe.

Malipiro a mwezi ni amodzi, masiku ni anayi, ndiye konse kuwiri simungafike. Musankhe kumodzi. Ndikuuzani zimene ndinaona, zokoma na zowawa zomwe, kenaka ndinena kumene ine ndingabwerere.

Mpaka pa Bridge njira ni imodzi

Kulikonse kumene mungasankhe, mudzalawira kukali mdima n'kugwira Great East Road. Mupita Chongwe, mupita Rufunsa, kenaka msewu uyamba kukhotakhota m'mapiri mpaka makutu kutseka. Mukayenda makilomita pafupifupi 230 mufika pa Luangwa Bridge. Mlatho umenewu unatsegulidwa mu 1968, ndipo ni malo olonderedwa, choncho osangotulutsa foni kuyamba kujambula musanafunse.

Pa msika wa pa Bridge basi iliyonse imaima. Fungo la nsomba zouma limakulandirani musanatsike. Pali madengu, mphasa, zipewa za mlaza, ndi milu ya nsomba zowamba zimene amayi a ku Soweto Market amadzapikula. Imani pang'ono pamenepo muyang'ane nsombazo bwino, chifukwa nkhani yathu yonse yagona pa izo. Ambiri a ife timadya nsomba zouma sabata iliyonse, za mu tomato kapena zotendera, koma sitinaonepo munthu amene anazivuula m'madzi.

Apa ndiye pamphambano. Wa ku Feira amapatukira kumwera asanawoloke mlatho, n'kuyenda makilomita ngati 90 motsatira mtsinje. Wa ku Mambwe amawoloka, ndipo ulendo wake wangoyamba kumene.

Feira, tauni imene dzina lake ni msika

Pa mapu a masiku ano palembedwa Luangwa, koma akuluakulu akali kuitcha Feira. Liwuli ni la Chipwitikizi, tanthauzo lake ni msika. Mukafika masana, mukali na mphamvu zoyendayenda, ndipo chimenechi ndicho chokoma choyamba cha Feira. Msewu ni wa tara, malo ogona a mtengo wa munthu wamba alipo, mowa wozizira ulipo, netiweki ilipo.

Pitani pa doko dzuwa likamapendeka. Pamene mwaimapo ni Zambia. Tsidya la Luangwa, nyumba zimene mukuona ni Zumbo, ku Mozambique. Tsidya la Zambezi ni Kanyemba, ku Zimbabwe. Maiko atatu m'chithunzi chimodzi, popanda kukwera ndeke. Mabwato a injini amangowolotsa anthu, matumba a ufa, makreti a zakumwa ndi mitolo ya nsomba. Zambiri mwa nsomba zimenezo zimachokera ku Mozambique, mbali ya nyanja ya Cahora Bassa, n'kudzera pano popita ku Lusaka. Pa doko mumamva Chinyanja, Chinsenga, Chikunda, Chishona ndi Chipwitikizi nthawi imodzi. Ngati mufuna kuponda ku Zumbo, yambani mwadzera ku ofesi ya olowa ndi otuluka m'dziko, mutenge mapepala oyenera. Kuyandikira kwa malo kusakunamizeni, ni dziko la eni.

Mbiri ya pano ni yolemera. Apwitikizi ochokera ku Tete anakhazikitsa msika ku Zumbo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, ndipo Feira nayo inamera tsidya lino. N'chifukwa chake imatchulidwa ngati malo akale kwambiri amene azungu anakhalapo m'dziko limene lero ni Zambia. Lusaka kunalibe, Livingstone kunalibe, Ndola wa migodi kunalibe. Malonda ake anali golide, mkuwa, minyanga ya njovu ndi anthu. Inde, anthu. Eni malo adzakulozerani mlambe waukulu umene amati akapolo ankasonkhanitsidwa pansi pake podikira ulendo wa kunyanja yamchere. Ine ndinafika pamenepo ndi maganizo ojambula chithunzi chomwetulira, koma nditamva nkhaniyo foni ndinabweza m'thumba.

M'ma 1830 msika unagwa, malo n'kusiyidwa. David Livingstone podutsa ku Zumbo mu January 1856 anapeza mabwinja a tchalitchi ndi belu losweka. Apwitikizi anabwereranso m'ma 1860, ndipo nthawi imeneyo inali ya akuluakulu a nkhondo okhala ndi magulu awoawo a Achikunda onyamula mfuti. Mmodzi anali José do Rosário Andrade, amene anthu ankamutcha Kanyemba. Dzina la malo a tsidya la Zimbabwe aja linachokera kwa iyeyo. Mu 1887 kunafikanso mzungu wochokera ku South Africa, John Harrison Clark, wotchuka ndi dzina lakuti Changa Changa, amene anadzipanga ngati mfumu m'dera lonseli boma la atsamunda lisanakhazikike.

Mbiri ya posachedwa nayo ilipo. Kumtunda pang'ono m'mbali mwa Zambezi kuli Kavalamanja, kumene mu March 1978 asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA, ndipo anthu a ku Zambia nawonso anafera pomwepo. Ngati holide yanu ni ya Heroes zoona, amenewo ndiwo malo ake.

Chimene muyenera kudziwa n'chakuti Feira siinakonzedwe ngati malo okopa alendo. Musayembekezere nyumba zakale zopakidwa penti ndi munthu wa yunifomu wokufotokozerani. Zambiri za Apwitikizi zinagwa kale. Mbiri ili pakamwa pa anthu, ndiye ngati muli munthu wamanyazi osafunsa, mudzangoona tauni yotentha ya m'mbali mwa madzi, mudye mcheni wokazinga, mubwerere. Masiku awiri akwanira.

Ku Mambwe, basi imakuphunzitsani kudekha

Manje tibwerere pa Bridge paja, tiwoloke. Kacholola, Nyimba ya nthochi, Petauke, Sinda, Katete, Chipata. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Chipata ni makilomita ngati 570. Kuchoka ku Chipata kutsikira m'chigwa mpaka ku Mfuwe ni enanso ngati 130, pa tara. Kuphatikiza ni pafupifupi 700. Mukakwera pa Intercity m'mamawa, mudzatsika dzuwa litalowa kapena lili pafupi kulowa, miyendo itatupa. Tsiku limodzi lopita, limodzi lobwera, ndiye pa masiku anayi aja otsala ni awiri chabe. Werengani bwino musanagule tikiti.

Mukamatsika m'chigwa mpweya umasintha. Olo mu July, pamene ku Lusaka tili m'majuzi, kuno masana kumafunda. Mu October musayese n'komwe ngati simunazolowere, kutentha kumapitirira madigiri 40. Mudutsa kwa Jumbe kumene kuli boma, mudutsa Masumba, njira ya ku bwalo la ndeke, mpaka mufike pa Cropping, pafupi ndi geti ya South Luangwa National Park. Dzina lakuti Cropping lili ndi nkhani yake. M'ma 1960 boma linali ndi butchala yaikulu pamenepa, yophera njovu, mvuu ndi njati zimene ankati zachuluka. Butchala inatha, dzina linatsala, ndipo lero ni pamene pali mabala, mashopu ndi msika.

Eni dziko lino ni Akunda. Mafumu awo ni asanu ndi mmodzi: Senior Chief Nsefu, a Jumbe, a Kakumbi, a Malama, a Mnkhanya ndi a Msoro. Mwambo wawo wa chaka ndi chaka ni Malaila. Osawasokoneza ndi Achikunda a ku Feira aja, maina afanana koma mitundu ni iwiri yosiyana mbiri. Mukasokoneza pamaso pa mkulu, adzakukonzani mwaulemu koma mudzachita manyazi.

Ambiri m'komboni timati Mfuwe ni ya azungu. Mbali ina n'zoona, chifukwa mitengo ya malodge ambiri ili m'madola. Pakiyo ni yaikulu makilomita 9,050 m'bwalo lake, inakhala paki mu 1972, ndipo alendo amachoka kutali kudzaona nyalugwe ndi nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kulikonse kupatula m'chigwa chino. Koma ntchito yokopa alendo kuno inayamba ndi mfumu ya Akunda. Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Senior Chief Nsefu kupatula malo osungirako nyama, ndi cholinga chakuti ndalama za alendo zizipita kwa anthu a mfumuyo. Ndipo pa geti, mwini dziko wokhala ndi NRC amalipira zochepa kuposa mlendo wakunja. Nyamulani chitupa chanu.

Usiku wa pamchenga

Ine sindinapitire nyalugwe. Msuweni wanga anakwatira kumeneko, ndipo apongozi ake ni msodzi. Atandiuza kuti nthawi ya chilimwe amakhala ku msasa m'mbali mwa mtsinje, ndinati nditengeni. Tinakwera njinga yamoto kuchoka pa Cropping kulowera kumwera, njira ya kwa a Malama. Tara imatha msanga. Kutsogolo ni fumbi, mchenga, mitengo ya tsanya ndi akashembe amene amaluma olo muvale jinzi. Nthawi ya mvula njira imeneyi imasanduka matope oti galimoto wamba siingadutse. Pa malo ena woyendetsa anazimitsa injini n'kundiuza kuti nditsike mwakachetechete. Patsogolo pathu panali njovu zinayi zikudya m'mbali mwa njira. Tinadikira mpaka zitachoka zokha. Kuno njovu siiliziridwa hutala.

Tisanafike ku msasa tinadzera m'mudzi kukaonekera kwa anyakwawa. Limeneli ni lamulo losalembedwa, ndipo musalidumphe. Ndinanyamula shuga, mchere ndi sopo. Ndinakhala pansi, ndinaomba m'manja, msuweni wanga n'kufotokoza kuti ndine yani ndipo ndadzatani. Pambuyo pake mudzi wonse unadziwa kuti kwabwera mlendo wa ku Lusaka.

Msasa weniweni ni tizisakasa ta udzu pamchenga, mabwato osema atatu kapena anayi, maukonde oyanika pa mitengo, ndi nsanja zowambira nsomba zimene utsi wake suzima. Tsidya la mtsinje ni paki. Tsidya limene tinali ni Lupande Game Management Area, kumene anthu amaloledwa kukhala, kulima ndi kusodza ngati ali ndi chilolezo. Mtsinje ndiwo malire, koma mvuu ndi ng'ona malirewo siziwadziwa.

Apongozi a msuweni wanga ni munthu wosalankhula zambiri. Atandiona ndikupita kumadzi kukasamba m'manja, anangoti, "Mwana wanga, bwerera." Anatunga madzi ndi chidebe chomangirira ku mtengo wautali n'kundipatsa ndili patali. Kenaka anandilozera chinthu chonga chikuni pamchenga wa tsidya lija. Chikunicho chinatsegula kukamwa. Kuyambira pamenepo sindinafunsenso chifukwa chake palibe amene amaima malo amodzi m'mphepete mwa madzi.

Madzulo amakatchera maukonde, m'bandakucha amakavuula. Bwato ni thunthu limodzi losema, m'lifupi mwake mongokwana munthu kukhala, ndipo woyendetsa amaima kumbuyo ndi mtengo wopondera. Amadziwa dziwe lililonse limene muli mvuu, amadziwa imene ili ndi mwana, amalambalala patali uku akugogoda bwato kuti zidziwe kuti kukubwera anthu. Anandiitana kuti ndikwere nawo. Nikuuzeni zoona, ndinakana. Munthu amene ndimalowa pakati pa chigulu cha shoo saopa, tsiku limenelo ndinatsala pamchenga ndi amayi, kuthandiza kusonkha moto.

Atabwera, m'bwato munali milamba, mphende, mcheni pang'ono ndi tina tosakaniza. Sizinali zambiri. Ntchito yeniyeni imayamba pamenepo: kutumbula, kutsuka, kung'amba, kuika pa nsanja, kutembenuza, kuyang'anira moto kuti usakule n'kupsereza, kuthamangitsa ntchentche masana ndi afisi usiku. Nsomba imodzi imene imwe mumanenerera pa Soweto kuti yadula yadutsa m'manja ambiri, ndipo amene anaika moyo wake pakamwa pa ng'ona ndiye amalandira zochepa kuposa onse. Opikula amabwera pa njinga, amatchula mtengo wawo, ndipo msodzi alibe firiji yoti n'kusungira podikira wina.

Usiku tinadya nsima ndi mlamba wamuwisi wophika ndi mchere ndi tomato chabe. Sindinadyepo nsomba yotero mu Lusaka. Kenaka mdima unagwa wa zoona. Mvuu zinayamba kulira ngati madala akuseka nthabwala yakale, fisi anayankha chapatali, ndipo chapakati pa usiku kunamveka mkango tsidya la paki. Moto unali kuyaka mbali zonse za msasa. Tulo sindinatione bwino, koma nyenyezi zimene ndinaona usiku umenewo m'komboni timaziona pokhapokha malaiti akapita.

Pamoto paja ndinamva zimene zimawadetsa nkhawa. Nsomba zikuchepa, asodzi akuchuluka. Ena amasodza ndi maneti a udzudzu amene amakokolola ndi tiana tomwe, ngakhale lamulo limaletsa. Kuyambira pa 1 December mpaka kutha kwa February boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane, ndipo miyezi imeneyo ndiyo ya njala, chimanga chisanache. Kumunda nako njovu zingathe kumaliza mbewu za chaka chonse usiku umodzi, n'chifukwa chake mudzaona minda yozingidwa ndi zingwe zopaka tsabola. Mlendo wa pa lodge akaona njovu amaomba m'manja. Mayi wa m'mudzi akaiona amawerenga matumba a chimanga amene atayike.

Anandifotokozeranso mmene mtsinje umawadyetsera. Luangwa alibe damu pa njira yake yonse. Mvula ikagwa amasefukira, amadzaza matawale ndi madambo, nsomba zimakaswanira mmenemo, madzi akamaphwa zimabwerera mumtsinje. Amasinthanso njira yake chaka ndi chaka, moti pamene panali msasa chaka chatha pangakhale pakati pa madzi chaka chino. Panali mapulani omanga damu la magetsi pa Ndevu Gorge, kumunsi kwa pakiyi, koma mu 2019 boma linawaimitsa anthu ambiri atadandaula. Ife a m'tauni tikamva za damu timaganiza za kutha kwa kuzimazima kwa malaiti. Pamchenga paja ndinamva mbali ina ya nkhaniyo.

Thumba lanu likuti bwanji

Tikambe za ndalama mosabisa. Feira ni pafupi, ndiye ya basi ni yochepa, koma mukafika chilichonse ni chogula: chipinda, chakudya, zakumwa, bwato lokuyendetsani pa madzi. Mambwe ni kutali, ya basi ni yambiri, kuwonjezera ya njinga yamoto, koma ku msasa kulibe chogula. Ndalama yanu imapita ku mphatso za eni malo ndi ku nsomba zobwera nazo. Ndipo pogula nsombazo musanenerere ngati muli pa Soweto. Mwadya zawo, mwagona pamoto wawo, lipirani mtengo wabwino.

Nyamulani ndalama m'manja. Pa Cropping ndi pa Feira timabutu ta Airtel Money ndi MTN tilipo, koma mukangolowa m'tchire zimenezo muiwale. Chajani foni ndi pawa banki musanachoke, ndipo uzani a kunyumba kuti mukhala osapezeka, asayambe kulira maliro pa Facebook.

Malungo aliko konse kuwiri. Neti ya udzudzu, mafuta othamangitsa udzudzu, zovala za manja aatali madzulo. Mukabwerera ku Lusaka thupi likayamba kutentha, pitani kukapimitsa tsiku lomwelo ndipo nenani kumene munali. Ku Mfuwe kuli kiliniki ya Kakumbi, ndipo chipatala cha mishoni cha Kamoto chili m'boma lomwelo. Ku mbali ya Feira kuli chipatala cha mishoni cha Katondwe. Koma kuchoka ku msasa kufika ku chithandizo ni ulendo, ndiye ngati muli ndi matenda ofuna dokotala pafupi, kapena muli ndi pakati, kapena mwanyamula mwana wamng'ono, sankhani Feira.

Madzi akumwa wiritsani. Nyama ya mvuu yofa yokha musadye olo akuuzeni kuti ni yaulere, chifukwa matenda a anthrax anavutapo kale m'chigwa chino. Nyama ya m'tchire yopanda mapepala musagule, pa msewu pali malo ofufuza ndipo holide ingathere m'selo. Kusambira mu Luangwa kapena mu Zambezi, olo mwamwa bwanji, ayi.

Chinthu chachikulu pa zonse: ku msasa sikupitidwa popanda wokutengani. Si malo a bizinesi ya alendo, ni pantchito pa anthu. Ngati mulibe wachibale kapena mnzanu wa kumeneko, khalani pa Mfuwe, funsani eni malo kuti akupezereni munthu wodziwika wokuperekezani masana, kapena pitani ku Kawaza Village kumene anthu a m'mudzi anakonza okha zolandira alendo. Ndipo musajambule munthu osapempha. Msodzi wovala malaya ong'ambika ali pantchito, sanavalire Instagram yanu.

Nanga ine ndingabwerere kuti?

Ngati muli gulu la anzanu asanu, mufuna kuseka, kudya nsomba, kumwako pang'ono, kujambula maiko atatu n'kufika ku ntchito Lachitatu muli bwino, pitani ku Feira. Mukafika funsani za mlambe uja, funsani za Kavalamanja, khalani pansi ndi mkulu mmodzi akuuzeni. Mudzabwera mutadziwa kuti mbiri ya dziko lino siinayambe mu 1964.

Ngati muli awiri kapena nokha, muli ndi wokulandirani, ndipo mungathe kupempha bwana tsiku limodzi loonjezera, wolokani mlatho. Ine ndingabwerere ku Mambwe. Ulendo wake ni wotopetsa, akashembe anandisiyira zipsera, ndipo bwato lija mpaka lero sindinakwere. Koma ku Feira ndinali kasitomala, aliyense anandipatsa zimene ndinalipira. Ku msasa ndinali mlendo wa anthu, ndipo munthu amene sanandidziwe dzulo lake anandibweza ku madzi n'kunditcha mwana wake.

Tsiku lochoka anandimangira milamba isanu ndi umodzi m'pepala la simenti. Ndinafuna kulipira zonse, iwo analandira ya zinayi, ziwiri anati n'za amayi anga ku Chawama. Basi yonse inanunkha utsi kuyambira Chipata mpaka Intercity, ndipo mayi amene ndinakhala naye pampando anandifunsa katatu ngati ndingamugulitseko imodzi.

Manje kwatsala kwa imwe. Tsegulani gulu la pa WhatsApp lija, lembani maina awiriwa, muone otsala akhala angati tsiku la zopereka. Amene mudzapita, bwerani mudzatiuze pa tsamba lino mmene munayendera. Ndipo Loweruka likudzali mukapita ku Soweto kukagula ndiwo, mufunseko amayi ogulitsa kuti nsomba zawo zachokera kuti.